Mpunga womata wa Luz ndi lipoti langa

Pemphero ndi Tiyamike, ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa muwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, mwina n'kumaimbirana foni kufunsana mawu. Zili bwino, nkhani iyi sindikufuna muithamange. Pa phwando londitsanzika pantchito munamva anthu akunena kuti mayi anu agwira unesi zaka makumi anayi popanda banga m'fayilo mwawo, inu n'kumaomba m'manja. N'zoona, fayiloyo ndi yoyera. Koma pali munthu amene anataya ntchito kuti iyere choncho, ndipo munthuyo mumam'dziwa.

1983 mpaka 2004

Ntchito ndinayambira pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati, ku wodi ya amuna, kapu yoyera pamutu, mtima uli m'mwamba. A Matroni athu anali mayi wamfupi, wosaseka, woyenda ndi cholembera chofiira m'thumba. Tsiku langa lachitatu ndinamwetsa bambo wina mankhwala koma ndinaiwala kulemba. Anandiitana pamaso pa odwala onse. "Nesi, mankhwala munapereka?" Ndinati eya. "Ali kuti?" Ine ndinaloza wodwalayo, iwo analoza pepala. "Chimene sichinalembedwe sichinachitike. Pitani mukalire kubafa, mukamaliza mudzalembe." Ndinakaliradi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinayendenso m'wodi popanda cholembera.

Zosowa zinali zambiri, sindingathe kuzitchula zonse. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi. M'zaka zimene matenda aja anavuta, odwala ankagona wina pabedi wina pansi pa bedi lomwelo, ndipo poyenda unkachita kusamala kuti usaponde dzanja la munthu. Koma chinthu chimodzi sichinkasowa. Wodwala aliyense anali ndi gadiyani wake, m'bale womudikirira, wophika kuseri kwa chipatala n'kumabwera ndi kambale kovundikira. Ndinaona ndi maso angawa munthu amene wakana phala la chipatala sabata yathunthu akutsegula pakamwa chifukwa mlongo wake wafika ndi thobwa la kwawo m'chigubu. Zimenezi palibe dokotala anandiphunzitsa, ndinaziona ndekha zaka makumi awiri. Muzisunge pamene mukuwerenga kutsogoloku, kuti wina asadzanene kuti mayi sankadziwa.

2004

Tinatera ku Perth inu muli ana asukulu, mukudandaula kuti kuno kulibe anthu m'misewu. Bambo anu anapeza ntchito yosenza katundu ku Welshpool, ine ndinalowa m'nyumba yosamaliramo okalamba cha ku Canning Vale, ndipo ndi momwemo ndinakhala mpaka kupuma. Titagula nyumba ku Ellenbrook anthu ankandiseka kuti ndimayenda ulendo wa Lilongwe ndi Mponela tsiku ndi tsiku, koma sindinafune kusintha. Ndinali nditazolowera nkhalamba zanga.

Poyamba ndinadabwa nazo. Mabedi abwino, magolovesi otaya ukangogwiritsa kamodzi, mankhwala osatha, koma gogo ali yekha m'chipinda, maso pakhomo, gadiyani palibe. Ndipo mapepala! A Matroni aja akanafika kuno akanati afika kumwamba. Munthu akatsetsereka, fomu. Akakana kusamba, fomu. Ndinaphunziranso msanga kuti nesi wochokera kunja alibe mpata wolakwitsa. Mnzako wa kuno akalakwitsa amati watopa, iwe ukalakwitsa amayamba kufunsa kumene unaphunzira. Layisensi yanga ya unesi ndi imene inatibweretsa m'dziko lino, ndi imene inakuphunzitsani, ndipo ndinkaisamala koposa thupi langa. Patapita zaka zisanu anandipatsa udindo woyang'anira shifiti ya masana. Sunali ufumu weniweni, koma paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, nanenso ndinayamba kuyenda ndi makiyi m'chiuno.

2011

Chaka chimenechi ndi pamene kunabwera Luz, amene inu mumati Anti Luz. Anali wa ku Philippines, wa pa chilumba cha Leyte, wondichepera zaka khumi, ndipo ntchito yake inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Kamunthu kakang'ono, koseka mokweza, kamene kankatha kutembenuza bambo wonenepa pabedi kwinaku kakumuimbira nyimbo. Ankanditchula Ate Fely. Ate ndiye kuti achemwali aakulu, Fely ndiye Felesta wanga uja atamudula mchira.

Lachisanu lake loyamba anabwera ndi thileyi m'chipinda chathu chomwera tiyi, n'kundidulira chinthu chabulauni, chonyezimira, chonjenjemera pambale. Ndinaluma. Abale inu, unali mpunga, koma womatana ngati ulimbo, wothira shuga! Inu mukudziwa mmene ife timauonera mpunga. Kwathu mtsikana akaphika mpunga wosayoyoka, apongozi amayang'anana. Ndinamumvera chisoni mwana wa eni, kuti wabwera kutali chonchi koma kuphika mpunga sadziwa. Ndinameza mwaulemu, chotsalacho ndinakulunga m'pepala, ndipo Lolemba ndinamubweretsera paketi ya Kilombero imene azakhali anu ananditumizira. Ndinamuitanira pambali kuti anzake asamve.

"Luz, usakhumudwe. Madzi umachulutsa. Kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi, ndipo usamautakase."

Anandiyang'ana, anayang'ana paketi ija, kenako anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Anaitana anzake onse a kwawo amene anali pa shifiti. "Bwerani mudzamve! Ate Fely akuti biko wanga ndinachulutsa madzi!" Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti kuli mtundu wa mpunga umene unalengedwa kuti uzimata, kuti amauphika dala ndi mkaka wa kokonati ndi shuga wabulauni, ndipo kuti biko ndi chimodzi chabe mwa zakudya zambirimbiri zimene onse pamodzi amazitcha kakanin. Manyazi anandigwira, koma Kilombero uja anatenga.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linakhala sukulu yanga. Atsikana a ku Philippines anali ambiri pa ntchito pathu, ndipo aliyense ankati za kwawo ndiye zenizeni. Wa kumpoto ankabwera ndi tupig, wowotcha pamakala ali m'tsamba la nthochi, wonunkhira utsi, ndipo ankati zina zonsezi ndi zakudya za anthu opanda mano. Wa ku Bohol ankabwera ndi kalamay wotanuka, woti ukatapa ndi supuni umayenda naye mpaka pakhomo asanaduke. Wina ankaphika puto, timikate toyera tofewa tophika ndi nthunzi, timene ndinkadya tisanu ndisanakhale pansi. Ankakangana monga mmene ife timakanganirana za mpunga wa ku Karonga ndi wa ku Nkhotakota, ndipo ine, munthu amene ndinayamba ndi kunyoza, ndi amene anandisankha kukhala woweruza. Ndinkaweruza mokondera, sindibisa. Wopambana anali Luz nthawi zonse, chifukwa cha muron wa kwawo ku Leyte. Amasinja mpunga womata uja, theka amasakaniza ndi chokoleti, theka amasiya loyera, amapota ziwirizo pamodzi ngati chingwe, amakulunga m'tsamba la nthochi n'kumanga uku ndi uku. Ukamasula, fungo la tsambalo limakufikitsa kumudzi, pa mkate wa nthochi umene tinkadya tili ana.

Masamba ankagula ouma ndi chisanu cha m'furiji, ndipo ankadandaula kuti amang'ambika. Ndinamuuza kuti kuseri kwa nyumba yanga kuli nthochi zimene bambo anu anabzala, zosabereka koma zamasamba. N'chifukwa chake munkamuona Luz kwathu Loweruka ndi mpeni. Ndi iye amene anaphika pa ukwati wako, Tiyamike. Bambo anu atamwalira, ndi iye anagona pansi pa balaza ndi amayi a ku mpingo masiku atatu, atavala chitenje chimene sankadziwa kumanga. Sanali mnzanga wa kuntchito chabe, anali m'bale wanga.

2020

Mliri utayamba, boma lathu lino linatseka malire, ndipo kwa nthawi yaitali matendawo tinkangowamva kwa anzathu a m'zigawo za kum'mawa kwa dziko lino ndi kwathu. Koma malamulo okha anafika msanga. Masiki, kuyeza kutentha kwa thupi pakhomo, alendo olowa mowerengeka. Manijala wathu, a Denise, mayi wachilungamo koma wamantha ndi akuluakulu a kulikulu, anamata pepala pa furiji loti kudyera m'mbale imodzi kwaletsedwa. Lachisanu lathu linathera pomwepo. Luz sanagonje. Ankakulunga muron mmodzimmodzi n'kumatiikira m'zikwama, ndipo tinkadyera m'magalimoto, aliyense m'yake, tikukwezerana zala pawindo.

Panthawiyi tinali ndi gogo wina wa ku Philippines, Lola Pining. Lola ndiye kuti agogo. Anabwera kwathu atachita sitiroko, ndipo matenda oiwala anali atawalanda Chingerezi chonse, n'kuwasiyira chinenero cha kwawo chokha. Mwamwayi kwawoko kunali ku Leyte komweko, choncho m'nyumba monse munthu womvana nawo bwinobwino anali Luz. Sitiroko ija inawonongera kumeza. Katswiri woona za kamezedwe analemba m'fayilo kuti azidya zopera zokhazokha, zosalala ngati phala la mwana, chifukwa chakudya cholimba kapena chomata chikhoza kuwatsamwa kapena kulowa m'mapapo. Mwa zakudya zonse za padziko, mpunga womata ndiye unali woletsedwa koposa. Zoperazo ankadana nazo, koma mwana wawo, Cora, ankabwera madzulo aliwonse kudzawanyengerera ndi supuni, ndipo agogowo ankadya.

Epulo 2022

Malire atatsegulidwa, matenda analowa mumzinda, ndipo sipanatenge nthawi analowanso m'nyumba mwathu. Zitseko zinatsekedwa. Okalamba anakhala aliyense m'chipinda chake, ife tikuyenda titavala mapulasitiki kuyambira kumutu, osadziwika nkhope. Antchito ankadwala motsatizana. Masiku ena ndinkayendetsa shifiti ndi theka la anthu, ena mwa iwo obwereka amene sankadziwa ngakhale kumene timasunga matawulo. Cora nayenso anapezeka ndi matendawo, anakhala kwawo. Lola Pining sanadwale mliriwo ayi. Anangosiya kudya. Ukafika ndi supuni ankatseka milomo n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lachitatu agogo osadya, Luz anandipeza pa kangolo ka mankhwala. "Ate Fely, Lola akutha. Usiku ndi usana akungotchula muron. Akuti mayi awo ankawaphikira. Tawauzani adokotala, mwina alole kachidutswa kakang'ono."

Tsono mvetsani apa, ana anga. Njira inalipo. Munthu wokalamba amene moyo wake uli kumapeto akafuna chakudya choletsedwa, nesi woyang'anira amaitana dokotala ndi achibale, amawafotokozera kuopsa kwake, achibale akavomera amasayina, ndipo gogoyo amadya chimene mtima wake ukufuna. Ndinali nditachitapo zimenezi. Bambo wina amene anali mlimi ankalirira buledi wowotcha, ndipo mapepala ake ndinawayendetsa masiku awiri okha. Koma tsiku limenelo mutu unali utandikulira, mabelu akulira mbali zonse, ndipo ndinayankha ndisanamuyang'ane n'komwe. "Luz, ukuona mmene zinthu zililimu. Dikira mliri udutse."

Anabweranso patapita masiku awiri. "Ate, mliri udutsa koma Lola sadikira. Ingoimbani foni imodzi."

"Ndamva, Luz, ndamva! Ndiimba mawa."

Mawalo sindinaimbe. Loweruka ananditumizira uthenga wopempha masamba a nthochi. Ndinadula asanu abwino, ndinawasiya pakhonde kuti adzatenge, ndipo sindinafunse kuti ndi a chiyani. Ndinene zoona, mumtima ndinkadziwa.

Lolemba, nthawi ya tiyi wa masana, ndinalowa m'chipinda cha Lola Pining ndi mankhwala, ndili ndi nesi wobwereka amene ndinkamuonetsa ntchito. Tinapeza Luz atakhala pambali pa bedi, atawakhazika agogo mowongoka ndi mapilo monga mmene timaphunzitsira, tsamba la nthochi lili pamwendo. Ankatsina kachidutswa kochepa ngati nyemba, kukafewetsa ndi madzi, n'kuwaika palilime. Foni anaiimika patebulo, Cora akuonera ali kwawo, akulira. Ndipo agogo aja, amene sabata yathunthu sanalawe kanthu, ankatafuna maso ali otseka, dzanja lawo labwino litagwira mkono wa Luz kuti usachoke. Anatsokomola kamodzi. Kamodzi kokha, kenako anatsegulanso pakamwa.

Nesi wobwereka uja anayang'ana chikwangwani cha pamwamba pa bedi, chonena za zakudya zopera, n'kundiyang'ana ine. "Izi ziyenera kulembedwa," anatero. Sankalakwa. Ndinawayeza agogo, m'chifuwa munali bwinobwino. Luz anapinda tsamba lake mwakachetechete. "Lembani, Ate," anatero. "Ndikudziwa kuti muyenera kulemba."

Kulemba lipoti sikunali kulakwa kwanga, ndipo mpaka lero ndimati likanalembedwa basi. Kulakwa kwanga kuli pa zimene ndinasiya. Pa fomuyo pali malo ofunsa zimene zinachitika nkhaniyo isanafike pamenepo. Ndinakhala pa kompyuta, zala zili m'mwamba. Choonadi chinali mizere iwiri yokha: kuti wantchitoyu anandipempha kawiri kuti ndiitane dokotala, ndipo ine sindinaitane. Ndikanalemba zimenezo, mlandu ukanagawika pakati. Luz akanadzudzulidwa, mwina kutumizidwa kukaphunziranso, koma akanaoneka kuti anayesa njira yoyenera n'kuipeza yotseka. Ine ndikanafunsidwa chifukwa chimene gogo anakhalira sabata osadya nesi woyang'anira osachitapo kanthu, ndipo funso lotero limatha kufika ku bungwe la malayisensi. Ndinali nditatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume. Ndinaganiza za zaka zonse zija, ndinaganiza za anthu a ku mpingo akumva kuti Mayi Felesta akufufuzidwa. Mantha anandigwira. Ndiye mawu a Matroni aja anandibwerera, koma tsopano atatembenuka: chimene sichinalembedwe sichinachitike. Malo aja ndinalembapo kuti palibe.

Lachitatu a Denise anatiitana mu ofesi, ine ndi Luz, titakhala motalikirana, masiki kumaso. Anawerenga lipoti lonse mokweza. Kenako anavula magalasi.

"Felesta, funso limodzi. Luz anayamba wakuuzanipo kuti mayiwa akufuna chakudya chimenechi?"

"Zonse zili mu lipoti," ndinatero.

Taonani kuchenjera kwake. Sindinati ayi, sindinati eya. Ndinkadziuza kuti sindinaname. A Denise anatembenukira kwa Luz. "Luz, pali chimene ukufuna kuwonjezera?"

Luz akanatha kunena. Uthenga wa masamba unali m'foni mwake, masiku amene anandipempha ankawakumbukira. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akudikira mnzake amalize kumanga nsapato kuti azipita limodzi. Anadikira. Ine maso anali pa kalendala ya pakhoma. Kenako anati, "Palibe, mayi. Ndinkadziwa lamulo. Lola anali ndi njala."

A kulikulu sanachedwe. Anati wantchito wopereka dala chakudya choletsedwa, osauza womuyang'anira, pa nthawi ya mliri, sangasungidwe. Mawu akuti osauza womuyang'anira anachokera m'lipoti langa. Lachisanu Luz anabwera kudzatenga zinthu zake. Ndinamuona pawindo akuyenda kupita ku galimoto ndi kachikwama ndi nsapato zake za ntchito m'manja, zaka khumi ndi chimodzi zathera pamenepo. Ndikanatha kutuluka. Ndinalowa m'chipinda cha mankhwala n'kudzitsekera, ndikuwerenga mapilitsi amene ndinali nditawerenga kale.

Chopweteka n'chakuti sabata yomweyo ndinaimba foni ija. Dokotala anavomera pasanathe mphindi zisanu, Cora anasayina tsiku lomwelo. Mphindi zisanu, abale! Koma wophika muron panalibenso, ndipo womvana ndi agogo panalibenso. Mtsikana wa kumpoto uja anabweretsa tupig wake, Lola ananunkhiza n'kukankha. Ankangoyang'ana kukhomo n'kumaitana Luz. Anamwalira kumayambiriro kwa Meyi, mwakachetechete, osati ndi mliri, osati ndi kutsamwa. Paja amati ndikanadziwa ndikanaphika therere. Ine mwambi umenewu sundikhululukira, chifukwa ndinkadziwa.

Juni 2022

Anthu a ku Philippines ali ndi mwambo woti pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira, amasonkhana kupemphera, kenako amadya ndi kugawana chakudya. Lamlungu lina mu Juni, kukugwa mvula ya nyengo yozizira ija, ndikutuluka pa shifiti ya m'mawa imene ndinagwirira mnzanga, ndinapeza Cora akundidikira pa malo oimika magalimoto ndi ambulera, thileyi yokutidwa ili m'manja. Ndinati lero ndiye lero, mlandu suola.

Anandikumbatira thileyi ili pakati pathu. "Sisitala Felesta, dzulo tinali ndi mapemphero a mayi. Izi ndi zanu. Waphika ndi Luz, wati ndikupatseni m'manja."

Ndinafunsa kuti Luz ali bwanji. Anati ntchito ya okalamba sakuipezanso, chifukwa kulikonse amafunsa chimene anachokera kwathu, ndiye akulongedza masamba ndi zipatso mu shedi ina ku msika waukulu wa ku Canning Vale, kuimirira tsiku lonse m'chipinda chozizira. Luz, amene manja ake ankadziwa kutembenuza munthu wodwala osamupweteka, akusankha kabichi.

"Ndimafuna ndikuthokozeni," anapitiriza Cora, misozi ili m'maso. "Tsiku lija pafoni ndi lomaliza limene ndinaona mayi akusangalala. Luz anandiuza kuti masamba aja anali a kunyumba kwanu. Anandiuzanso kuti mu ofesi muja munamumenyera nkhondo mpaka mapeto, koma akuluakulu sanakumvereni. Mulungu akudalitseni, Sisitala."

Kalanga ine. Mvula ikugwa pa ambulera, mayi uja akundiyang'ana ngati mngelo, ndipo Mulungu anandipatsa mpata wachitatu woti ndinene zoona. Sindikudziwa chifukwa chimene Luz ananenera zimenezo. Mwina ankanditeteza, monga anachitira mu ofesi. Mwina ankafuna ndimve mmene mnzake weniweni akanachitira. Ndaganiza zimenezi kambirimbiri ndipo yankho ndilibe, chifukwa sindinamuimbire kuti ndimufunse. Kawiri ndinafika pa geti ya msika uja n'kubwerera. Chimene ndinanena kwa Cora ndi ichi: "Zikomo, pepani ndi maliro." Ndinalandira thileyi ndi manja awiri.

Ndinayendetsa galimoto mpaka ku Ellenbrook thileyi ili pampando wa pambali, fungo lake ladzaza m'galimoto. Linali Lamlungu, ndipo nonse munali kunyumba kudzadya nane monga mwa masiku onse. Tiyamike, ndiwe unavundukula, n'kukuwa m'Chingerezi chako chija kuti Anti Luz atikumbuka. Munali biko, munali puto, ndipo pakati panali muron womangidwa bwinobwino, mfundo zake zija zimene ndikanazizindikira paliponse. Munadya mukuseka, mukulimbirana wa chokoleti chambiri. Ine ndinati m'mimba simuli bwino, ndinangomwa tiyi.

Iwe Pemphero unadya anayi. Ukunyambita zala unandifunsa kuti bwanji Anti Luz sabweranso kudzadula masamba, nthochi zachita kuwirira kuseriku. Ndinakuyankha kuti watanganidwa.

Sanatanganidwe, ana anga. Ndinamuchotsetsa ntchito ndine, ndipo mpaka lero sindinamupepese.